Chipinda cha Pansi, Bajeti ya M'mwamba

Johannesburg ndi mzinda wa pazitunda. Ukayenda ku Northcliff, Kensington, Linksfield kapena Melville upeza nyumba zambiri zomangidwa pamtsetse. Kumaso umalowa kuchokera pamsewu osakwera sitepe, koma kuseri nthaka imatsika n'kusiya mphanga kunsi kwa nyumba. M'mphangamo ndimo mumagona mawilibala opanda tayala, zitini za penti wouma ndi njinga za ana amene pano ali ndi ana awo. Zaka zimadutsa mwininyumba osatsikirako. Tsiku limene watsikira kukafuna sipanala, ngongole ya kubanki itamugwira pakhosi, amaima pakati pa mphangayo n'kuona chuma: muno mungagone munthu wa lendi. Usiku womwewo amatenga cholembera n'kulemba bajeti.

Mwa amisiri oitanidwa kudzasandutsa mphanga kukhala chipinda, sulephera kupezamo wakwathu, kaya wa ku Mangochi, Nkhata Bay, Mzimba kapena Machinga. Ndiye nkhani zake zimafika pansima Lamlungu, ku Mayfair, Rosettenville ndi Cosmo City, aliyense kuseka bwana wake. Zina mwa izo ndi izi. Mayina tawasiya, chifukwa ena mwa anthuwa sanalipidwebe.

Tenanti wosalipira

Bwana wina wa ku Kensington anaitana mmisiri wa ku Mangochi n'kumupatsa pepala lotayipidwa bwino. Matailosi, penti, nyale zokongola za musiling'i, kafiriji, sofa ndi TV. Pansi pake mzere wakuda: R60,000.

Mmisiri anawerenga mpaka kumapeto osanena kanthu. Anapita pakhoma lakumtunda, lija latsamira dothi, n'kuikapo chikhatho. Atachichotsa chinali chonyowa. Anapukutira papepala lomwelo.

"Bwana, muli kale tenanti muno. Simunamulembe."

"Ndani?"

"Madzi. Analowa inu musanagule nyumbayi, ndipo salipira."

Anafotokoza modekha kuti mvula ya ku Joni, ija imagwa masana ndi ziphaliwali kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ikatsika chitunda imadzaima kuseri kwa khomalo. Pafunika kukumba ngalande kuseriko mpaka pamaziko, kumata khoma ndi phula, kuyala paipi yobowolabowola, kuthira miyala ya kwale, kenako n'kukwirira.

"Kukwirira? Ndiye kuti wobwera kudzaona chipinda sadzaziona?"

"Sadzaziona, bwana."

"Ndilipire ndalama zonsezo pa chinthu chokwirira?"

"Sankhani nokha, bwana. Mukwirire ndalama mu Ogasiti, kapena mukwirire sofa mu Januwale."

Bwana anasankha sofa. Paja madzi saiwala khwawa. Januwale atafika mmisiri anaitanidwanso, ndipo sofa ija anamupatsa ulere. Akuiyanikabe ku Turffontein.

Makotesheni atatu

Odziwa zomanga amalangiza kuti usathamangire mmisiri woyamba: itanitsa makotesheni atatu, uyerekeze. Madamu wina wa ku Northcliff anamvera. Anatola manambala atatu osiyana, ina papolo ya magetsi, ina pagulu la WhatsApp la m'dera, ina kwa mnzake wa kutchalitchi.

Woyamba anabwera Lolemba atavala ovolosi. Anayeza n'kunena kuti R45,000. Wachiwiri anabwera Lachitatu atapisira malaya, kabuku kali m'manja: R52,000. Wachitatu anafika Lachisanu ndi jekete komanso Chingerezi cha m'mphuno: R58,000. Madamu anasangalala kuti wapulumutsa R13,000, n'kupereka ntchito kwa woyamba.

Tsiku loyamba ntchito bakkie inaima pageti. Wa ovolosi anatsika. Woyendetsa anali wa kabuku uja. Kumbuyo, atagwirizira wilibala kuti isagwe, kunali wa jekete.

"Kodi si iwe unanditchaja R58,000?"

"Ndine, madamu."

"Nanga ukutani pano?"

"Sabata ino otchipa ndi achimwenewa. Ine ndidzatchipa sabata yamawa, ku Randburg."

Katoni ya mbali zinayi

Panja pa mashopu akuluakulu a zomangira, monga Builders Warehouse ndi Cashbuild, m'mawa uliwonse pamaima amuna atanyamula makatoni olembedwa ntchito zawo. Mnyamata wina anapinda katoni yake kuti ikhale ya mbali zinayi. Galimoto ikatuluka ndi zidebe, iye amatembenuzira ku "Painter". Ikatuluka ndi mabokosi, "Tiler". Mapaipi, "Plumber".

Bwana wina anatuluka ndi mawaya. Katoni inatembenuka.

"Za magetsi unaphunzira kuti?"

"Magetsi anandigwirapo kawiri, bwana. Timadziwana."

Mtengo unali wotsika, bwana anamutenga. Ntchito inatha ndipo nyale zinayaka, kungoti ukayatsa ketulo m'chipinda cha pansi geti la kumsewu linkatseguka.

Lamulo la kuno limafuna kuti mawaya atsopano m'nyumba akhale ndi setifiketi, ija amati CoC, yosainidwa ndi wamagetsi wolembetsedwa. Popanda iyo nyumba kuigulitsa n'kovuta, ndipo moto ukabuka a inshuwalansi amayamba afunsa pepalalo. Wamagetsi weniweni atabwera anatsegula bokosi la mawaya, kuyang'ana, n'kuvula chipewa.

Pabajeti ya bwanayo mzere wa magetsi unalembedwa katatu: kuika, kuchotsa, kuikanso.

Tepi sikondera

Kumanga ku South Africa kumayendera lamulo la 1977, ndipo miyezo yake ili m'buku lotchedwa SANS 10400. Chipinda chogonamo munthu chisachepere masikweya mita 6, ndipo pagawo lalikulu la chipindacho denga litalike mamita 2.4 kuchokera pansi.

Mmisiri wa ku Mzimba anatambasula tepi m'mphanga ya bwana wake: mamita 2.2. Anachotserapo simenti yosalazira pansi, matailosi, ndi siling'i yobisa mapaipi a nyumba ya pamwamba. Panatsala mamita 2.

"Tikumbe pansi," anatero bwana.

"Tikhoza, bwana, koma maziko a nyumba yanu ali pomwepo. Tikakumba mopitirira, chipinda cha pamwamba chidzabwera chokha kudzaona cha pansi. Pafunika injiniya, wojambula pulani, ndi ndalama yoperekera pulaniyo kukhonsolo."

Pabajeti panalibe injiniya, panalibe pulani. Bwana anayenda uku ndi uku, akuwerama pang'ono podutsa pansi pa paipi. Kenako maso ake anawala.

"Kwanu kulibe wachibale wamfupi?"

"Alipo ambiri, bwana. Koma woyendera nyumba wa kukhonsolo sayeza tenanti. Amayeza khoma."

Katani

Buku lomwelo limati malo olowera kuwala akwane 10 peresenti ya kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo potseguka polowera mpweya pakwane 5 peresenti. Landilodi wina wa ku Bez Valley atamva mtengo woboola khoma, kuika lintala ndi felemu, anaganiza mwakuya, n'kupita kukagula katani yamaluwamaluwa.

Mnyamata wina wofuna chipinda anabwera ndi mkazi wake. Mkaziyo anayamikira matailosi, anayamikira penti, kenako anakoka katani kuti aone kunja. Anapeza njerwa.

"Windo lili kuti, bwana?"

"Lili mubajeti ya chaka chamawa. Koma monga mukuonera, katani tinagula kale."

"Nanga kukacha tizidziwa bwanji?"

"Ndizikugogodani. R50 pamwezi."

Apa tiseke pang'ono chabe. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, momwe anthu ankakhala m'tizipinda togawa ndi matabwa, ndipo unapha anthu 76. Amalawi anzathu analipo pakati pawo. Pabajeti dulani sofa, dulani matailosi, koma windo ndi khomo lothawira musakhudze.

Chimbudzi chokwera phiri

Bwana wa ku Linksfield anagula chimbudzi chokongola pa selo, n'kulemba pabajeti kuti nkhani ya bafa yatha. Pulambala wa ku Nkhata Bay anafunsa funso limodzi: paipi ya suweji imadutsa pati? Anaifufuza, n'kuipeza ikudutsa pakhoma, molingana ndi khutu la munthu woimirira.

"Bwana, chimbudzi chili pansi, paipi ili m'mwamba. Zinthu zimenezi sizikwera zokha."

Panafunika pampu yogaya ndi kukankhira m'mwamba. Bwana anagula, akung'ung'udza. Pampu imayendera magetsi, ndipo chaka chake chinali 2023, chija magetsi ankazima mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse. Tenanti woyamba anaphunzira msanga. Asanaphike nyemba ankayamba watsegula EskomSePush pafoni n'kuona ndandanda.

Patatha mwezi anakwera kwa bwana ndi dandaulo.

"Bwana, mimba yanga ndi ndandanda sizikugwirizana."

Bwana anagula inverter ndi batire. Mpaka lero m'nyumba imeneyo magetsi akazima, TV ya bwana imazima, firiji ya madamu imazima, ana amawerengera kandulo, koma chimbudzi cha tenanti chimangolira mosangalala.

Golide

Mzindawu unabadwa mu 1886 golide atapezeka pafamu ya Langlaagte, ndipo mpaka pano aliyense wokumba ku Joni amakumba ndi kachiyembekezo. Mnyamata wothandizira mmisiri ankakumba pakona ya mphanga, piki n'kugunda chinthu cholira mwachitsulo. Anapalasa ndi dzanja. Chinali chonyezimira, chofiirira.

"Bwana! Bwerani msanga!"

Bwana anatsika masitepe atatuatatu. Atachiona anatseka chitseko, n'kunong'oneza kuti asauze munthu, ngakhale madamu. Anawerengera mumtima ngongole ya nyumba, fizi ya ana ndi galimoto yatsopano.

"Menyanso, tione kukula kwake."

Mnyamata anakweza piki n'kumenya ndi mphamvu zonse. Madzi anathovoka mpaka kudenga. Inali paipi yakopa yolowetsa madzi m'nyumba yonse.

Pamene bwana ankathamanga kufunafuna potsekera, mnyamata anaima m'madzi ofika m'akakolo, piki ili paphewa.

"Achimwene," anauza mmisiri, "mgodi uli bwino, koma eni ake ndi a Johannesburg Water. Bilu ibwera kumapeto kwa mwezi."

Dothi limapuma

Chinthu china chimene eni nyumba salemba ndi ndalama yotayira dothi ndi zigumukire. Bini ya khonsolo sinyamula njerwa. Pafunika bakkie, ndipo bakkie imatchaja paulendo.

Bwana wina wowerengera ndalama kuofesi anayeza ngalande yake mwaukatswiri: utali, mulifupi, kuya. Anapeza kuti dothi lotsala likwana maulendo anayi. Analipiriratu anayi. Bakkie inayenda kanayi, mulu ukadalipo.

"Mukundibera! Dzenje la maulendo anayi latulutsa bwanji dothi la maulendo asanu?"

Mmisiri akananena kuti dothi lothinana likakumbidwa limamasuka n'kutenga malo ambiri, zomwe womanga aliyense amadziwa. Koma kunali kutatentha.

"Bwana, dothi limeneli lakhala lopanikizika pansi pa nyumba yanu zaka zambiri. Latuluka, likupuma. Inunso mukavula lamba madzulo mumakwana buluku lomwelo?"

Bwana anayang'ana mimba yake, n'kulipira ulendo wachisanu.

Wantchito wosaoneka

Madala ena a ku Machinga, okumba ngalande, anapeza bwana atakhala pasitepe, manja ali m'mutu, mapepala awiri ali pamwendo.

"Kwagwanji, bwana?"

"Kotesheni inati R100,000. Invoisi ikuti R115,000. Pansi penipeni analemba timalemba ting'onoting'ono kuti VAT ndi yapadera."

Kuyambira mu Epulo 2018 msonkho umenewu kuno ndi 15 peresenti, ndipo ena polemba kotesheni amausiya kunja kuti nambala ioneke yofatsa.

Madala anatsamira fosholo n'kuwerengera. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu Malichi 2025 anali R28.79 paola. Tsiku la maola 8 linali R230 ndi masenti. Kuti munthu afike pa R15,000 akumbe pafupifupi miyezi itatu.

"Bwana, a VAT amenewa abwera liti kuntchito?"

"Sabwera."

"Wilibala sagwira?"

"Sagwira."

"Ndipo alandira kale?"

"Alandira kale."

Madala anapukusa mutu mwaulemu. "Mukadzakumana nawo, bwana, muwafunse ngati akufuna wothandizira."

Matailosi asanu ndi awiri

Woyala matailosi aliyense amauza bwana kuti agule ndi 10 peresenti yapamwamba, chifukwa ena amadulidwa m'makona ndipo ena amasweka. Madamu wina wa ku Melville anati imeneyo ndi njira ya amisiri yopezera matailosi a kunyumba kwawo. Anawerenga yekha n'kugula okwanira ndendende, otsala omaliza pa selo.

Lachisanu masana mmisiri anaimirira, pakona patatsala malo a matailosi asanu ndi awiri. Madamu anathamangira kushopu. Mtundu umenewo unatha, ndipo sudzabweranso.

Anabwerako ndi wadiropu.

Penti itaperewera pakhoma lina, anabwera ndi galasi lalikulu lodziyang'anira. Pamene pulasitala anafufuma ndi chinyezi, anaikapo shelefu ya mabuku. Pamapeto pake chipinda chinalengezedwa kuti n'cha mipando kale, lendi n'kukwera.

Tenanti anasaina pepala la mgwirizano. Ndime yomaliza inati: mipando isasunthidwe.

"Chifukwa chiyani, madamu?"

"Inazolowera pomwe ilipo."

Achimwene, mukapeza chipinda cha mipando kale ku Joni, musathokoze msanga. Yambani mwakankha wadiropu.

Ndalama ya mwadzidzidzi

Si azungu okha ali ndi mphanga. Banja lina lakwathu, lomwe lakhala kuno zaka zambiri, linagula nyumba yakale ku Rosettenville. Iwowa anachita mwanzeru. Atalandira chipeleganyu, chija kuno amati stokvel, anapatula 15 peresenti ya bajeti kuti ikhale ya mwadzidzidzi. Anaigawa pawiri, theka kwa bambo, theka kwa mayi, kuti wina asaidye yekha.

Mmisiri atagumula pulasitala wakale anapeza mng'alu wofunika kumanga ndi zitsulo. Bambo anapita kukhitchini.

"Mayi a mwana, dzidzidzi uja wafika. Tulutsani theka lanu."

"Wanga anafika kale, bambo. Anafika pa Black Friday."

Analoza makatani, mapoto ndi chophikira chatsopano. Bambo anakwiya, nayamba kulalikira za kusamala ndalama, za mawa, za ana. Mayi anadikira mpaka ulaliki utatha.

"Mwalankhula bwino, bambo. Ndiye tiyambe ndi theka lanu."

Bambo anakhosomola, n'kuyang'ana pawindo. Panja galimoto yawo inali itaima pa marimu anayi onyezimira.

"Amene aja," anatero motsitsa mawu, "analinso dzidzidzi."

Mlatho

Pakati pa Disembala ntchito zomanga kuno zimaima mpaka kumayambiriro a Januwale. Aliyense amadziwa zimenezi kupatula bwana amene akufuna chipinda chithe Khirisimasi isanafike. Wina wotere anapereka dipoziti ya theka pa 10 Disembala. Pa 12 mmisiri sanabwere. Pa 13 foni inali yozima. Pa 14 inalira.

Nthawi imeneyo mmisiri anali atanyamuka kale pa Park Station, atadutsa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda. Pansi pa basi panali mafelemu awiri a zitseko ndi chidebe cha penti cha malita 20.

"Uli kuti?"

"Ndili m'njira, bwana. Panopa ndikuwoloka mlatho."

"Mlatho uti? Wa Nelson Mandela ku Braamfontein?"

Mmisiri anasuzumira pawindo. Pansi pankayenda Zambezi, kumbuyo kuli mzinda wa Tete.

"Wotalikirapo pang'ono, bwana."

"Ufika nthawi yanji?"

"Zitengera mzere wa pa Mwanza."

"Mwanza ndi msewu uti?"

"Ndi kumpoto, bwana. Kupitirira Midrand."

Anabweradi pa 15 Januwale, atanenepa, ndi thumba la usipa la madamu. Chipinda anamaliza bwino. Kuyambira pamenepo bwanayo amalipira ntchito ikatha gawo ndi gawo, ndipo mu Disembala salipira ngakhale moni.

Nyumba ya pachithunzi

Tsono musaganize kuti oseka mabwanawa ndi anzeru kuposa mabwana awo. Mmisiri yemwe uja wa chikhatho chonyowa ali ndi nyumba yake kumudzi, ndipo nayo ili ndi bajeti. Inafika pa lintala kalekale. Mwezi uliwonse amatumiza pa Mukuru kwa mng'ono wake: ya malata, ya pulasitala, ya mawindo. Mng'onoyo amatumiza zithunzi pa WhatsApp. Nyumba ikukwera, malata akuwala, khonde lapakidwa.

Mmisiri ankaonetsa aliyense m'takisi. Atapita kumudzi anatsika ndi sutikesi, n'kulunjika kunyumba ya pachithunzi. Pakhonde panakhala aneba, akusenda chinangwa.

"Takulandirani, achimwene. Yanu ndi iyo."

Analoza kuseri. Makoma anali pa lintala pomwe paja, m'chipinda chochezera mutamera papaya wobereka kale.

"Nanga zithunzi zija?"

"N'zanga. Mng'ono wanu amandipatsa K2,000 pa chithunzi chilichonse. Ndi imene ndinagulira penti. Mtundu munasankha uja ngwabwino zedi, aliyense akuyamikira."

Mmisiri anakhala pansi. Aneba anamupatsa chinangwa.

"Musadandaule, achimwene. Ndalama yanu yamalizako nyumba. Kungoti si yanu."

Simenti imamvera wailesi

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Uthenga utafika ku Diepsloot, wopenta wina anavina pabwalo. Randi yomweyo tsopano ikubala makwacha ambiri. Anatenga pepala n'kuwerengera kuti matumba 30 a simenti amene ankasonkhera asanduka oposa 40. Anagulira anzake zakumwa, n'kulengeza kuti pulasitala atha chaka chisanathe, mwina ndi mpanda womwe.

Kutacha anaimbira mlongo wake.

"Achemwali, thamangani kwa mwenye mukagule matumba 40 asanadziwe."

Madzulo foni inalira.

"Achimwene, ndagula 28."

"Bwanji 28? Sanamve kuti randi yakwera?"

"Amva. Simenti nayo yamva. Ikuoneka kuti inamva dzulo m'mawa, inu musanayambe kuvina."

"Nanga mchenga?"

"Wamchenga akuti dizilo wakwera."

"Wamchenga uja ali ndi ngolo ya ng'ombe!"

"Ndinamuuza. Akuti ng'ombe nazo zili ndi wailesi."

Agogo a Wenela

Agogo ena anabwera kuno ndi Wenela ali mnyamata. Anabwerera kumudzi cha m'ma 1974, chaka chimene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa kumigodi. Anafika ndi njinga, wailesi, jasi ndi ndalama ya malata. Mdzukulu wawo ali kuno tsopano, ndipo amawaimbira Lamlungu.

"Ukugwira ntchito yanji, mdzukulu wanga?"

"Ndili pansi pa nthaka, agogo."

Agogo anakondwa. "Magazi sanama! Ife tinkatsika ndi kheji makilomita awiri, kutentha kosaneneka. Iwe uli pati?"

"Mamita awiri, agogo."

"Mamita? Golide wafika pafupi chonchi?"

"Si golide. Ndikukonza chipinda choti bwana azioneramo mpira."

Kunali zii kwa kanthawi.

"Dziko latembenuka. Ife azungu ankatituma pansi kukatulutsa ndalama. Inu akukutumani kukailowetsa."

Mdzukulu anaseka, n'kubwezera. "Nanga windo la kuchipinda kwanu lija munatseka ndi njerwa mongoyembekezera, mudzaika liti galasi?"

"Usandifulumize, mwana iwe. Lili mubajeti."

Phwando lotsegulira

Banja la ku Rosettenville lija linamaliza chipinda chawo. Bajeti inayambira pa R60,000 n'kukathera pa R190,000. Bambo anakhala pansi ndi foni n'kuwerengera: lendi ya R3,500 pamwezi, ndiye kuti pakatha zaka zinayi ndi theka ndalama yonse ibwerera. Anapuma mpweya wautali. Mwachimwemwe anajambula chipindacho, matailosi akuwala, n'kuika pa WhatsApp kuti abale aone zimene Mulungu wachita.

Abale anaona.

Lachinayi m'bandakucha foni inalira. "Ankolo, tafika pa Park Station. Amayi anati mudzatitenge."

"Mwafika ndani?"

"Ine ndi achimwene. Ndi mwana wa azakhali."

Pofika masana m'chipinda chija munali matiresi atatu, zikwama zisanu ndi thumba la ufa la makilogalamu 12.5 lotsegula kale. Mayi anatenga kabuku ka bajeti n'kutsegula tsamba latsopano. Pamwamba analemba: ndiwo.

Bambo anaima pakhomo, akuyang'ana lendi yawo itagona chagada ikusewera pafoni. Wamkulu mwa anyamatawo anadzuka mwaulemu.

"Ankolo, chipinda n'chabwino kwambiri, kungoti chachepa. Taona kuti kuseri kwa khomali kukadali malo. Tikhoza kukumba."

"Ndalama yake ichokera kuti?"

"Musadandaule, ankolo, tonse atatu ndife amisiri. Mawa tikupatsani makotesheni atatu, musankhe nokha wotchipa."